Mabuku Atatu a kwa a Shawa

Ndinawagula pansi, pa saka,
pakati pa nsapato za salaula ndi zingwe zotchajira foni,
pamsika wa Kapata, tsiku la malipiro.
A Shawa anati, "Tengani atatu pamtengo wa awiri,
linalo lilibe chikuto."
Ndinakwera nawo njinga mpaka ku Mchini
nditawapana m'khwapa ngati nkhuku yakuba.

Loyamba linali la ndakatulo.
Kuwonda kwake!
Timawu pang'ono, pepala lonse mbee
ngati munda wa mlesi.
Ndinalira ndalama zanga.
Koma Lachinayi, ndikuchapa yunifomu,
mzere wina unandigwira pamkono,
wonena za chitseko chimene sichileka kulira
ngakhale mwini nyumba atapita,
ndipo ndinangoima, thovu m'zigongono,
mpaka madzi a pampopi anathawa.

Lachiwiri ndinkaliwerenga usiku kuchipatala,
ana a m'wodi akagona.
Ndege yagwa, munthu watsala yekha m'nkhalango.
Ndinamukalipira mwamunayo:
Iwe, mauna a mbewa sukuwaona?
Tsata njiwa madzulo, zikufikitsa pamadzi!
Masamba makumi atatu kulira njala,
pomwe ife chaka cha chilala
tinaphika mango osakhwima mwezi wathunthu
popanda wotilemba m'buku.
Komabe pamene kanatsala kamtengo kamodzi ka machesi,
mphepo ikuwomba, zala zake zikunjenjemera,
ndinadzipeza ndikupuma pang'onopang'ono
kuopa kumuzimitsira.

Lachitatu, lopanda chikuto lija:
dziko la miyezi iwiri kumwamba,
kumene mitsinje imakwera mapiri.
Anyamata awiri,
wina wosula mikondo, wina mbusa wa mitambo.
Ndinkayesa ndi pachibale.
Kenaka pansi pa mtengo wobala nyali
wosula anagwira nkhope ya mbusa ndi manja akuda ndi makala,
ndipo ine bukulo phi! kutseka.
Ndinasuzumira pawindo ngati aneba amva.
Ndinalikuta ndi kalendala ya kutchalitchi.
Ndinati mawa ndiyatsira mbaula.

Mawa lake ndinawerenga mitu inayi.

Sindinganame, manja amakalawo ndinkawadziwa.
Penyani wa ku Katete ankawotcherera mageti,
ankabwera Loweruka lililonse
kudzakhala pafupi ndi makina a mlongo wanga Yotamu,
amene ankasoka madiresi a kwaya yonse
osapempha ngakhale ngwee.
Ankakwera phiri la Kanjala awiriwo
n'kubwerako ndi masuku m'chipewa, akuseka zosatiuza.
Tsiku limene atate anamva za m'maluwa
chikwama cha Yotamu chinauluka pakhomo,
masizasi ake n'kugwera m'matope.
Ine ndinali kusankha nyemba.
Sindinadzutse mutu.
Ndinasankha nyemba zija mpaka mdima,
zoyera kale.

M'bukumo anyamata aja anathawa
pamsana pa chimbalame cha mapiko asiliva,
mudzi wonse uli kukamwa yasa.
Kuno kwathu kulibe chimbalame chotero.
Kuli basi ya folo koloko m'mamawa,
mlatho wa Luangwa,
ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Anadya chiyani mwezi woyamba?
Anatsata njiwa ziti?

A Shawa andifunsa dzulo
ngati ndikufuna ena otere.
Ndati ndikadali pakati.
Zoona, atsala masamba khumi ndi awiri,
ndipo ndikuopa kuti wolembayo awapha,
kapena awakwatitsa pamaso pa anthu onse,
sindikudziwa chimene chingandilize kwambiri.

Malaiti athima kuyambira masana.
Nambala ija ili kuseri kwa khadi la sikelo la mwana wanga,
inandipatsa ndi mayi wina wogulitsa zitenje
amene anamuona ku Kamwala.
Foni yatsala ndi kamoto kamodzi, kofiira.
Chitseko chikulira ndi mphepo.
Ndakhala pamphasa,
ndikupuma pang'onopang'ono.