Tsamba 87

Lachinayi lililonse ku Rosettenville,
kuseri kwa shopu ya Mpwitikizi wogulitsa matayala,
timachotsa ayironi ya Nambewe patebulo
n'kuyala mapu amene anatayikiridwa tiyi
mpaka panabadwa dambo limene olemba sanaliganizire.

Buku lathu ndi la kusindikiza kwachiwiri.
Imedi analitola pa kaunjika wa mabuku ku Melville,
marandi makumi anayi,
chikuto chogwidwa ndi selotepi,
msana wothyoka ngati wa ambuye ake
amene anatsika mgodi kuno nthawi ya Wenela.

Nanga lachitatu lituluka liti?
Funsoli limagwa patebulo madayisi asanagwe.

Fanuwelo akuti Disembala.
Anamva kwa mnyamata wa m'sitolo ku Randburg,
amene anamva kwa msuweni wake.
Disembala wa chaka chiti, sananene.
Imedi akuwerenga pa zala zonunkha petulo:
loyamba kufika lachiwiri, zaka zisanu ndi zitatu,
ndiye kuti linayenera kufika dzana.
"Lili pa Beitbridge basi, akulisecha."
Nambewe akuti kampaniyo inagwa kalekale,
tikukhuza maliro oti anaika,
koma akunena izi uku akusongola pensulo.

Ine sinditsutsa aliyense.
Ndine wosunga nkhani,
ntchito yanga ndi kunena chili kuseri kwa chitseko.
Mantha anga ndimawasunga m'thumba la jekete.

M'buku lathu mulibe tsamba 87.
Wina analing'amba tisanalipeze,
pomwe pamanena za munthu amene mphamvu zamuthera.
Ndiye Thokozire anapanga lamulo lake:
wakugwa safa msanga,
amadikira madayisi azungulire katatu,
ndipo mnzake akataya chuma n'kumubereka kumsana,
adzuka.
Analemba kuseri kwa lisiti la magetsi,
tinamata pomwepo ndi phala.

Thokozire anamugwira pa renki ya Noord mu Meyi,
masiku a m'pasipoti atatha.
Milungu isanu ndi umodzi ku Lindela,
kenako basi yolowera ku Mwanza.
Mlonda wake wa nyali, wa khutu limodzi uja,
ali chiimire pa mlatho wa mkuwa.
Palibe amamusuntha.
Tikamadutsa timamupatsa moni.

Buku latsopano lidzabwera lathunthu,
lonunkha inki, masamba onse ali m'malo,
ndipo olemba malamulo ndimawadziwa ine:
adzati wagwa wagwa.
Mwinanso alonda a nyali adzawachotsa,
ati palibe amawasankha.

Eyiti koloko ndendende, magetsi thi!
Fanuwelo wakhazika foni pakamwa pa kapu.
Kunja helikopita ikusesa madenga ndi kuwala,
agalu a ku Turffontein akupatsirana nkhani.
Kubetcha kwayamba: mabotolo awiri pa Disembala,
nkhuku yootcha pa chaka chamawa,
Nambewe waika sopo kuti silidzatuluka.

"Nanga iwe Mlauzi, ukuti liti?"
Ndikuti tsiku limene pemiti yanga idzatuluke.
Aseka mpaka Imedi watsamwa ndi buledi.
"Basi, adzasewera ndi adzukulu."

Foni yanjenjemera, kuwala kwagwedezeka pakhoma.
Mawu ochokera ku Balaka, mphepo ikuwomba kumbuyo,
mbuzi ikulira penapake:
"Mlonda wanga musamuphe, mwamva?
Ya thiransipoti ndikusonkha pang'onopang'ono.
Kodi lija latuluka?"

Palibe wayankha msanga.
Kadayisi ka mbali makumi awiri kaja
kagubuduka, kadumpha mphepete mwa tebulo,
kalowa pansi pa firiji yozima.
Imedi wagwada, tochi kukamwa,
tsaya pa simenti yozizira,
akulumbira pali mayi ake kuti ndi makumi awiri.

Sindinaone.
Ndalola.

Kenako ndatenga foni, ndadina, ndayandikiza pakamwa:
silinatuluke, Thoko.
Tidakali pa lamulo lako.