Usiku m'khola la akavalo ku Lusangazi

Miyezi khumi ndi umodzi ndakhala ndikuwerenga
pa kalendala ya golosale ya ku Katoto,
kudula tsiku lililonse ndi khala.
Lero mawere a Nyamazuwa ayamba kudontha.

Magetsi azima monga mwa masiku onse.
Chifunga chatsika m'mapaini kudzasuzumira pazenera.
Ine ndi Mbachi tafunda bulangete limodzi,
kuwala kwathu ndi foni yotsala pang'ono kuzima.

Wagona, wadzuka, wanunkhiza mimba yake, wagonanso.
Chaka chatha pakona pomwepa
Dona anatipatsa mwana wozizira.
Ndinakumba ndekha kuseri kwa nthochi,
sabata yonse make akulira moyang'ana komweko.
Sindikuzitchula. Mbachi nayenso ali duu.

A Chavula a zaziweto sakuyankha,
kaya njinga yawo yatitimira m'matope ku Chibavi.

Chiboda chimodzi. Chinzake chili kuti?
Ndapinda malaya mpaka paphewa,
ndapemphera m'Chitumbuka cha amayi
chomwe ndinkayesa ndinaiwala.
Ndaupeza mwendo wopindika, ndauwongola.

Kagwera pa udzu, konyowa, kali zii.
Ndakapukuta mphuno ndi malaya anga.
Zii.
Kenaka kayetsemula.

Mbachi waseka mpaka foni yagwera m'ndowa.
Kaimirira, miyendo ngati ya mpando wa kusukulu woguluka misomali,
kagwa, kaimanso,
kakufunafuna bere kukhwapa kolakwika.

Kunja kwayera. Ndatsamira chitseko, mawondo akunjenjemera.
M'chipinda chachitatu
Nyausiku wayamba kupalasa pansi.