Timizere ta Pensulo

Anandipatsa kope ndi pensulo.
Akuti majenale awa amadya ndalama,
tione ngati alipo amene amawatsegula.
Iliyonse yosiyidwa pa tebulo, kamzere kamodzi.
Ndinamata pepala pa chipilala:
MUKAWERENGA, MUSABWEZERE PA SHELEFU.

M'mawa wa Juni, nkhungu ikadali pa Luwinga,
zala zitauma ndi chisanu,
ndimazungulira matebulo ngati woyendera misampha.
Ya zaunamwino yakodwa kanayi.
Ya zamalamulo kawiri,
mwina wina anangotsamirapo chigongono
podikira kuti mvula ikate.
Zonsezo ndimalemba. Pensulo sifunsa.

Koma pali a Msowoya.
Amabwera Lachitatu pa kabaza kuchokera ku Chiputula,
jekete ya bulauni, magalasi omanga ndi ulusi.
Kale anali mlangizi m'minda ya khofi.
Amalunjika kumapeto, ku matenda a mbewu,
n'kumawerenga ndi chala, milomo ikugwedera,
mpaka folo koloko.
Akatha amapukuta chikuto ndi mkono wa jekete
n'kubwezera pomwe anachotsa, ndendende.
Ndinawalozera pepala lija. Anaseka:
"Mama, ine sanandilere kusiya mbale pomwe ndadyera."

Ndiye m'kope langa a Msowoya mulibe.
Miyezi isanu ndi umodzi, danga lawo mbee.

Mawa lipoti likwera ku ofesi ya pamwamba.
Opanda mzere asiya kuwaitanitsa,
akale awamanga ndi chingwe
n'kuwatsekera kuchipinda chonunkha chinyezi.

Madzulo ano ndatsegula yawo ija.
Pa tsamba 212 pagona tsamba lina,
la khofi, louma, la madontho ngati dzimbiri,
ofanana ndi a pa chithunzi chili pambali pake.
M'mphepete mwatsala chidindo cha chala,
dothi lofiira.

Lamulo likuti zapatebulo zokha.
Chabwino.
Ndainyamula, ndaiika pa tebulo,
ndapita kukatseka mawindo.
Pobwera ndaipeza pomwepo, yosiyidwa.
Kamzere.
Ndaibwezera pa shelefu. Ndaitenganso.

Kunja magetsi a njinga zamoto akusambira m'nkhungu.
Mlonda wathu, a Mwenifumbo,
akugwedeza makiyi pakhomo, akutsokomola dala.
Ndawauza andidikire pang'ono:
masiku a Lachitatu analipo makumi awiri ndi anayi,
ine ndangofika pa asanu ndi atatu,
ndipo pensulo ikufuna kusongola.