Pepala la m'Thumba la Jekete

Belo tinalitsegula Lachiwiri, ku Limbe,
chiperoni chikuwaza pa malata a msika.
Waya atangoduka linatuluka fungo lija
la mankhwala, la ulendo, la nyumba za eni.
Majekete makumi anayi. Limodzi lotuwa
linkalemera ngati mwini wake akadali momwemo.

M'thumba lamkati munali pepala lopinda kanayi,
lotha m'mbali ngati khasu lakale.
Mapu a kadera. Mtsinje umodzi wokhota ngati chikwakwa,
mapiri a timizere tothithikana,
kamtanda posonyeza tchalitchi,
ndi mawu a zilembo zina zamichira kunsi
ngati mbululu za mumtsinje wa Mudi.

Sunganani, mwana wa achimwene, wa folomu yachitatu,
analozetsa foni yake papepalapo n'kuseka.
"Azakhali, uku ndi ku Romaniya."
Anandiwerengera, kasitomala akuyesa malaya kumbuyo kwathu.
Midzi itatu, ofesi imodzi.
Kumpoto nkhalango, kummwera minda ya chimanga.
Chimanga? Ndinati abwereze. Chimanga ndithu.
Dzina la maloyo linalembedwa koyamba m'buku la msonkho;
ngakhale kumeneko, boma limakudziwa likafuna ndalama.
Asilikali anadutsa, ena anadutsanso pobwerera.
Minda inalandidwa kuti ikhale ya onse,
inabwezedwa eni ake misana itapindika kale.

Manambala okha sindinafune wondimasulira.
Ine ndi manambala timagona mphasa imodzi.
2,140. Pansi pake 1,870. Pansi pake 1,206.
Apo makina osindikiza analekera.
Kunsi kwenikweni wina anawonjeza ndi bolopeni,
dzanja lonjenjemera: 913.
Kenako anakhwatcha, nalemba 912.

Ndinakhala pansi, pa belo.

Mmodziyo anali ndani?
Mkazi wake kodi, kapena mnzake wa pa benchi ya tchalitchi,
kapena mdzukulu amene anakwera basi ya m'mawa
atanena kuti abwera pa Khirisimasi?

Kwathu ku Lirangwe nambala imakwera.
Owerenga anthu anabwera ndi zikwama zawo
natipeza tachuluka ngati nthanga za dzungu.
Koma iwo anawerenga mitu, sanawerenge maloko.
Bambo ake a Sunganani ali ku Joni, chaka chachisanu ndi chimodzi.
Elufe anapita ku Lilongwe kukalera ana a eni.
Ine ndili ku Bangwe, m'chipinda cha lendi,
munda wa amayi akulima ndi aganyu
amene ndimawalipira pa foni osawaona nkhope.
Sitima ikadutsa pa siteshoni yathu
agalu okha ndiwo amaiperekeza.

Ndiye ndimamudziwa mkuluyu, ngakhale dzina sindilidziwa.
Ankayenda ndi mudzi wake m'thumba, pafupi ndi mtima,
akuuwerenga ngati ndalama yotsala ya mwezi,
akudziwa kuti ikutha
koma akuwerengabe.

Jeketelo ndinagulitsa Loweruka.
Anagula a Mpinganjira, alonda a ku Namiwawa,
titakangana mtengo mpaka tiyi wanga kuzizira.
Manja ake ndi aatali pang'ono; anati apinda.
Tsopano usiku wa Juni, mphepo ikamatsika m'phiri la Soche,
jekete la kuchipale likulondera geti la munthu wina,
ndipo silidandaula.

Pepala ndinasunga. Lili m'kope la angongole,
pakati pa Mai Chinkwita, amene sadzalipira,
ndi mnyamata wa minibasi, amene amalipira theka.
Madzulo ena, ndikatseka hisabu ya tsikulo,
ndimalitambasula pa bondo, bolopeni ili m'manja.
Jekete silichoka pamsana pa nkhalamba lokha
n'kuwoloka nyanja. Ndikudziwa.
Pafunika kukhwatcha, n'kulemba 911.

Koma si maliro anga oti ndilengeze.
Ndimalipinda kanayi, m'mizere yake yomwe ija,
mtsinje mkati, tchalitchi mkati,
onse 912 akadali moyo.