Wapachitseko wa Kanema ku Chinamwali

Akulu mahandiredi awiri, ana handiredi.
Ndine wapachitseko kwa Bwanali, kuseri kwa chigayo,
ndimatolera ndalama m'chitini cha mkaka
pansi pa malata otentha ngati chiwaya cha tchipisi.
Lero tabwereza ija ya alimi a chamba,
kachisanu sabata ino, koma mabenchi adzaza tho.

Jenereta yatsokomola, nsalu yatsika, mdima bii.
Pa sikirini anyamata awiri a khungu see
akulima chamba m'nyumba yagalasi,
kuthirira ndi mipope, kuyeza ndi makina.
Atulukira a magalimoto akuda:
tigawane munda, apo ayi tikugawani mitu.
Womasulira waponyapo mawu ake,
"Amwene, apa mwaputa mavu nkhomola!"
Holo yonse yafa nalo phwete.

Ine ndikuwongola ndalama zamakwinya pabondo.

Mchimwene wanga Ajasi analibe nyumba yagalasi.
Anali ndi khasu logweduka mpini
ndi kadimba kuseri kwa Malosa,
pakati pa chinangwa ndi nandolo,
mbewu imene pakhomo sitinkaitchula dzina.
Feteleza atakwera, chimanga chitachita chikasu,
anangoti: iyi siidikira kuponi.

Ogula ake sankabwera ndi mfuti.
Ankabwera panjinga yamoto, Lachitatu usiku,
bambo wa jekete lachikopa, tinkangoti Abwana a ku Limbe.
Sikelo inali yawo. Mtengo ankatchula okha.
Tsiku lomwe Ajasi anati chaka chino ndikagulitsa ndekha
iwo anamwetulira,
namufunsa za mwendo wa amayi, ngati unaphwa.

Pa sikirini zipolopolo ngati matalala padenga.
Mnyamata wagwa, wadzuka, kamagazi pachipumi basi,
tsitsi lake silinasokonekere n'komwe.
Galimoto yaphulika.
Ana aimirira pabenchi: "Mumalize! Mumalize ameneyo!"

Ajasi anakwera minibasi pa Songani
ndi matumba awiri, pamwamba matemba a ku Chilwa
oti aphimbe fungo.
Asanalowe m'tauni, wapolisi anaimitsa galimoto,
sanasecha wina aliyense.
Anangosuzumira pawindo: iwe wa malaya ofiira, tsika.
Mpaka lero ndimadzifunsa
anamuuza ndani mtundu wa malaya.
Panalibe nyimbo, panalibe kuthamangitsana.
Minibasi inangopitirira,
kondakitala ndi chenji cha Ajasi m'thumba.

Zaka zisanu ndi chimodzi.

Pakutha pa mwezi ndimayenda wapansi kukamuona,
sopo, shuga, kamchere m'jumbo,
kuwoloka Mulunguzi, kudutsa pamsika
pomwe anyamata amanenerera zipatso za m'phiri.
Wawonda, khosi latalika.
Amandifunsa: kadimba kaja?
Ndimati kali bwino.
Sindimuuza kuti Abwana aja anapeza kale wina,
Tambula, mwana wa amalume athu,
ndipo khasu ndi lomwe lija, analikhomeranso mpini.

Filimu yatha monga imathera masiku onse:
oipa ali ngundangunda pansi,
alimi akuchoka ndi chikwama cha ndalama,
mtsikana atatsamira paphewa.
Ndakweza nsalu. Dzuwa lalasa anthu m'maso.
Ana atuluka akuwomberana ndi zala,
kubisala kuseri kwa matumba a gaga.
Wina wa kabudula wong'ambika pathako
wandiloza pachifuwa: phuu! Wafa iwe!

Ndagwira pamtima, ndatsamira chitseko,
ndamufera pang'ono kuti asangalale.

Kenako ndakhuthula chitini.
Bwanali watenga zake, za petulo, za mwini malo.
Zotsala zikwana sopo mmodzi, wa mtanda,
shuga ndiona mawa.
Nkhungu yayamba kutsika m'phiri,
yaphimba mitengo ya paini, ikubwera kuno.
Pakhoma choko chafufutika pang'ono,
ndalembanso ndi dzanja langa:
MAWA TENI KOLOKO, YOMWEYI.