Kuyengula ku Magaba

Ku Magaba m'mawa umanunkha oyilo wopserera.
Ngolo zafika kale ndi mafupa a galimoto:
mapisitoni, mitu ya injini, limu lothyoka la kombi
imene inafera pa msewu wa ku Chitungwiza.

A Kalichero sayatsa ng'anjo msanga.
Amayamba akhala pa tayala, maginito ali m'manja,
n'kumasisita chidutswa chimodzichimodzi
ngati sing'anga wofufuza chotupa.
Kabawuti kakamata, amakagulula ndi tchizulo.
"N'kochepa," amatero,
"koma kakasungunukira m'kati, sudzakatolanso."

Yanga n'kutsuka girizi, kupala utoto,
kuyanika zonse pa lata mpaka zitenthe.
Dontho limodzi la madzi m'mbiya ya moto
linawalemba chipsera pamkono
chimene sachibisa ngakhale mu Juni.

Aluminiyamu ikasungunuka sifiira.
Imangogona phee, ngati mwezi wagwera m'chitsime,
kenako pamwamba pamamera khungu lotuwa.
Amawaza mchere wouma, amadikira.
Savundula. Wovundula amamiza mpweya.
Chipande amayamba achiwamba pamoto,
n'kuchiyendetsa chamumbali, mwaulemu,
kukokera litsiro kumphepete, kulitaya pansi
pamene limafuka ngati likung'ung'udza.

Chaka chatha, Lachisanu, atapita kumaliro ku Mufakose,
ndinatsala ndekha ndi oda ya pule ya chigayo.
Mvula ikubwera, foni ikungolira,
ndinaponyamo chogwirira chitseko chosadziwika mtundu,
ndinasonkhezera moto mopitiriza,
ndinathira m'chikombole ndisanayengule bwino.
Pule inatuluka mumchenga yosalala, yonyezimira.
Ndinalandira madola. Ndinagula nsapato.

Patatha masabata atatu mayi wa ku Epworth anafika
ndi zibenthu ziwiri m'thumba la feteleza.
M'kati timabowo tokhatokha ngati modya chiswe.
China, akuti, chinaphonya mutu wa mnyamata wake
ndi chala chimodzi.

A Kalichero sanandikalipire.
Anaumba ina, yaulere,
zibenthu zija n'kuzipachika ndi waya
pamwamba pa ng'anjo,
pomwe maso anga amagwera ndikaweramuka.

Lero chipande chili m'manja mwanga.
Kumsewu oitanira makombi akusasa mawu,
fumbi la Ogasiti likusaka polowera,
ndiye mbiya ndimaivundikira ndikangotembenuka.
Nsapato zija zinang'ambika kalekale.
Ndikuyengula kachitatu
ngakhale pamwamba pakuoneka kale nkhope yanga.