Zipolopolo Zitatu

Mfuti iyi inabwera kwanga ngati nkhalamba yothyoka msana,
yokulungidwa m'bulangete lonunkha chinyontho,
mtengo wake utadyedwa ndi chiswe kudenga ku Chirimba.
Koma nditasuzumira mumpope
ndinaona kuwala kozungulira ngati kakhobidi katsopano
ndipo ndinati, iyi sinafe.

Chiphaso chinandidyera miyezi isanu ndi iwiri
ndi zidendene za nsapato.
Bwerani Lachiwiri. Abwana apita kumaliro.
Chidindo chili m'kabati, kiyi ali ndi wina.

Mtengo watsopano anandisemera a Khoromana ku Ndirande,
amene amakhoma mabokosi a maliro m'mawa, mipando masana.
Anasankha mlombwa wouma zaka zinayi pansi pa bedi lawo,
anandiyeza phewa ndi chingwe ngati telala,
anandiyeza tsaya, anandiyeza mkono,
n'kuseka: inu madala, khosi lanu n'lokhota,
tikhotetsa mtengo kuti mugwirizane.
Masabata atatu akupala, ine ndikubwera, iwo akupalanso,
mpaka chitsulo chinagona mumtengo
ngati lilime m'kamwa.

Zitatero ndinakwera minibasi ya ku Limbe.

Mwini sitolo anawerenga chiphaso kawiri,
kachitatu anawerenga nkhope yanga.
Atatchula mtengo wa kabokosi kamodzi
ndinamva penshoni yanga ikutsokomola m'thumba.
Dola, bambo, dola, iye akutero,
ngati dzina la wachibale amene watilodza tonse.
Ndinayenda mpaka ku Ginnery Corner, ndinafunsa kwina,
kumeneko mtengo unali utakula ndili m'njira.
Mnyamata wina pa siteji anandinong'oneza za zotchipa
zobwera usiku, zopanda lisiti.
Ndinamuyang'ana nsapato, ndinamuyang'ana maso,
ndinati mwanawe, ndakalamba, ndende sindingaikwanitse.

Ndinabwerera ku Limbe. Ndinagula zitatu.
Zitatu, m'kaenivelopu ngati mapilitsi a kuchipatala.

Mayi a Tiyese anaziika pachikhatho, n'kuziyeza:
ichi ndi thumba la makala,
ichi ndi mayunitsi a magetsi,
ichi, ichi ndi nsapato za mdzukulu wanu.
Sindinayankhe. Akaunti yawo siphonya.

Mwezi wathunthu ndinawombera ndi mfuti yopanda kanthu,
chitseko chotseka, kadontho ka makala pakhoma.
Kupuma, kusiya mpweya theka,
kumva mtima ukugogoda m'chala,
kudikira pakati pa kugunda ndi kugunda.
Kha! Kaphokoso kouma, kaulere.
Khoma linafa kambirimbiri.

Loweruka la chiperoni, pabwalo la owombera chandamale,
Michiru atafunda mtambo mpaka m'mapewa,
anzanga a magalimoto aakulu akukhuthula mabokosi
ngati akumwaza chimanga kwa nkhuku,
ine ndinagona pamphasa yonyowa ndi zitatu zanga.

Choyamba chinapita kumanzere, zala ziwiri.
Makala a mwezi uno, pitani bwino.
Ndinakhudza kasikuluwu pang'ono, ngati kudzutsa mwana.
Mphepo inadutsa. Ndinailola idutse.
Chachiwiri chinalowa pakati penipeni pa chakuda,
kabowo koti nyerere ingapemphe njira.
Woyang'anira bwalo anachotsa magalasi, n'kuwavalanso.
Winanso, madala! Onetsani kuti si mwayi!

Ndinayang'ana chachitatu.
Chinali chitafunda m'thumba la malaya, pafupi ndi mtima,
ndipo ndinaona timapazi ta Chifuniro
tikuwoloka matope a ku Chilomoni popita ku sukulu.

Ndinatsegula mfuti, ndinaipukuta, ndinaikulunga.
Pepala lobooka ndinalipinda kanayi.
Mawa ndikawaonetsa a Khoromana, aone khosi lokhota zimene lachita.
Lolemba ndikafunsa ku Limbe ngati amalandira zobweza.
Ndikudziwa kale yankho,
koma ndikafunsabe.